Thabwa la mawaya: mmene ntchito yosonyeza njira za kumva mu ubongo ikuyendera

Pamene zinthu zafika

Kujambula thabwa kwatha. Pakati pake ndakoka mzere wochokera pamwamba mpaka pansi, wogawa ubongo kumanzere ndi kumanja. Pansi penipeni pali makutu awiri, ndipo pamwamba ndasiya malo a cortex, gawo lakunja la ubongo. Ntchito yonse ili pakatipo. Ndikufuna kuti wophunzira azigwira waya ndi chala, kumutsatira kuchokera m'khutu, n'kudzionera yekha pamene wawolokera mbali ina, pamene wathera ndi pamene wina wayambira.

Mitundu ya mawaya ndasankha kale. Ofiira ndi timinyewa timene timadzutsa selo lotsatira. Abuluu ndi timene timaliletsa kuti lisayankhe. Obiriwira ndi timene timachokera kumtunda kutsikira kukhutu. Gulu lililonse la maselo lidzakhala msomali, ndipo maselo amene ndikufuna kuti aonekere paokha adzakhala mikanda.

Funso limene landidyera nthawi n'lakuti: ubongo wa nyama iti? Zambiri zakale za tsinde la ubongo, gawo lapansi lolumikiza ubongo ndi msana, zinapezeka mwa mphaka. Mapu atsatanetsatane amene aliyense angawaone pa intaneti ndi a mbewa, a Allen Mouse Brain Connectivity Atlas amene anatuluka mu 2014. Za kuzindikira kumene mawu akuchokera, zambiri zikuchokera kwa kanyama kotchedwa gerbil. Za cortex yofanana ndi yathu, n'za anyani a mtundu wa macaque. Ndagamula kuti thabwa lisonyeze dongosolo limene nyama zoyamwitsa zonse zili nalo, koma paliponse pamene zasiyana ndizipachikapo kapepala konena kusiyanako. Kubisa kusiyanaku kungakhale kunamiza wophunzira.

Lolemba

Ndayamba ndi cochlea, kachiwalo kopiringizika ka mkati mwa khutu. Mwa munthu, khutu limodzi lili ndi maselo a titsitsi omva kunjenjemera kwa mawu, amkati pafupifupi 3,500 ndi akunja pafupifupi 12,000. Timinyewa tochoka m'khutu kupita ku ubongo tilipo pafupifupi 30,000, ndipo toposa 90 pa 100 tiliwonse timalandira uthenga kwa maselo amkatiwo, ochepa aja. Maselo akunja, ngakhale ndi ochuluka, ntchito yawo yaikulu si kutumiza uthenga. Tidzawapezanso pa mawaya obiriwira.

Mawu okwera amanjenjemeretsa poyambira pa cochlea, mawu otsika a besi amanjenjemeretsa kunsonga. Georg von Békésy analandira mphoto ya Nobel mu 1961 chifukwa chosonyeza mmene funde la mawu limayendera mkatimo. Kwa ine chofunika n'chakuti ndandanda imeneyi, kuchoka pa otsika kufika pa okwera, imasungika njira yonse mpaka ku cortex. Choncho m'malo mwa waya mmodzi, khutu lililonse ndalipatsa mawaya atatu oyendera limodzi, wa mawu otsika, wa apakati ndi wa okwera. Wa otsika ndamumanga kachingwe koyera kuti asasowe. Akangosinthana malo penapake, ndiye kuti thabwa lanama.

Kapepala koyamba kapachikidwa pano. Munthu wachinyamata amamva kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz (Hz ndi kuchuluka kwa kunjenjemera kwa mawu pa sekondi imodzi). Mbewa siimva bwino mawu otsika, koma okwera imamva kupitirira 70,000 Hz. Kusiyana kumeneku kubwereranso kutsogoloku.

Lachitatu

Lero linali tsiku la cochlear nucleus, poima poyamba pa timinyewa tochoka m'khutu, ndipo pano mawaya achuluka mwadzidzidzi.

Kamnyewa kalikonse kakangolowa m'tsinde la ubongo kamagawika pawiri. Nthambi ina imapita kutsogolo, ku gawo lotchedwa anteroventral. Ina imabwerera kumbuyo, kudutsa ku posteroventral, kukathera ku dorsal. Uthenga ndi umodzi womwewo, koma maselo amene amaulandira ndi osiyanasiyana, ndipo mtundu uliwonse umatolapo chake.

Maselo a bushy ndi osunga nthawi. Kamnyewa kochokera kukhutu kamathera pa thupi la selo ndi kansonga kakakulu kotchedwa endbulb of Held, moti kakangolankhula, selo limayankha pomwepo osazengereza. Maselo a stellate amatsatira kwambiri kukula ndi kuchepa kwa mawu. Maselo a octopus amatambasula nthambi zawo modutsa timinyewa tambiri nthawi imodzi, ndipo amayankha pokhapokha tambiri talankhula limodzi, monga zimachitikira mawu akangoyamba mwadzidzidzi. Akayankha kamodzi amakhala chete.

Gawo la dorsal landisangalatsa kwambiri. Maselo ake a fusiform salandira za kukhutu zokha ayi. Amalandiranso uthenga wa mmene khosi, nsagwada ndi khutu lakunja zakhalira. Kwa mphaka, amene amatembenuza makutu uku ndi uku, zimenezi n'zomveka. Khutu lakunja limasintha mawu malinga ndi kumene achokera, kumwamba kapena pansi, ndiye ubongo uyenera kudziwa kuti khutulo laloza kuti. Ndakhomera msomali wapadera pambali, wolembedwa kuti "za thupi", ndipo waya wake walowa ku dorsal. Wophunzira aone kuti pamalo oyambirira penipeni kumva kwayamba kale kusakanikirana ndi zina.

Potuluka pali njira zitatu: trapezoid body pansi, imene ndi yaikulu, intermediate acoustic stria pakati, ndi dorsal acoustic stria pamwamba. Mawaya ambiri amawoloka mzere wanga wapakati uja. Ndawapanikiza ndi timisomali topinda kuti asadzuke.

Loweruka

Superior olive, magulu a maselo a m'tsinde la ubongo. Apa m'pamene uthenga wa makutu awiri umakumana koyamba mokwanira, ndipo ndakhalapo tsiku lonse.

Lord Rayleigh anafotokoza mu 1907 kuti timazindikira kumene mawu akuchokera m'njira ziwiri. Mawu ochokera kumanja amayamba kufika kukhutu lakumanja, ndiponso amafikako ali amphamvu chifukwa mutu umatchinga khutu linalo. Kusiyana kwa nthawi kumathandiza pa mawu otsika, cha m'munsi mwa 1,500 Hz. Kusiyana kwa mphamvu kumathandiza pa okwera. M'tsinde la ubongo muli magulu awiri a maselo ogwirizana ndi njira ziwirizi.

Ndayamba ndi lateral superior olive, LSO, woyeza mphamvu. Selo la LSO yakumanzere limadzutsidwa ndi khutu lakumanzere, waya wofiira wamfupi. Limaletsedwa ndi khutu lakumanja. Koma waya wochokera kumanjako safika mwachindunji. Amachoka pa selo la globular bushy, mtundu wina wa maselo a bushy aja, ali wofiira, kuwoloka mzere wapakati, kukaima pa gulu lotchedwa MNTB, ndipo kuchokera pamenepo waya wabuluu ndi amene amalowa mu LSO atanyamula glycine, mankhwala oletsa. Selo la LSO limangochotsera: za khutu lino kuchotsa za khutu linalo. Mawu akakhala amphamvu mbali yake limayankha kwambiri, akakhala amphamvu mbali inayo limakhala chete.

Nditayala mawayawo pathabwa, vuto limene ubongo uli nalo linaonekera poyera. Waya wochokera kutsidya ndi wautali kwambiri kuposa wapafupiyo, komanso ali ndi poima pena panjira. Komabe uthenga wake uyenera kufika nthawi imodzi ndi wa mnzake, apo ayi kuchotserako kulibe tanthauzo. Yankho lake ndi timinyewa tonenepa tothamanga kwambiri, ndiponso calyx of Held.

Hans Held anaifotokoza mu 1893, ndipo ili m'gulu la malumikizidwe aakulu kwambiri mu ubongo wa nyama zoyamwitsa. Nsonga ya kamnyewa imatambasuka n'kufumbatira thupi la selo la MNTB ngati dzanja logwira dzira. Kawirikawiri selo limodzi limakhala ndi calyx imodzi, ndipo mkati mwake muli malo mazanamazana otulukira glutamate, mankhwala odzutsa, nthawi imodzi. Uthenga sutayika, suchedwa. Kukula kwake n'kumene kunathandiza Ian Forsythe mu 1994 kuyeza magetsi a m'nsongamo mwachindunji, chinthu chovuta kwambiri pa malumikizidwe ang'onoang'ono a mbali zina za ubongo.

Pofuna kuisonyeza, ndinasenda nsonga ya waya wokhala ndi tizingwe tambiri mkati, n'kutambasula tizingweto, n'kutipinda kamodzikamodzi mozungulira mkanda wabuluu mpaka mkandawo utangotsala kuonekera m'mipata. Ndinadonthezapo guluu pang'ono. Pathabwa lonse, pamenepa ndi pamene diso limayamba kugwera, ndipo ndi mmene ndimafunira.

Loweruka lomwelo, usiku

Medial superior olive, MSO, woyeza nthawi. Maselo ake andandalikana mumzere, lililonse lili ndi nthambi ziwiri, ina yoloza kunja, ina yoloza mkati. Nthambi yakunja imalandira za khutu la mbali yomweyo, yamkati za khutu lakutsidya. Selo limayankha kwambiri uthenga wa mbali zonse ukafika pamodzi.

Manambala ake ndi odabwitsa. Mwa munthu, mawu ochokera pambali penipeni amafika kukhutu lakutali atachedwa ndi mamaikulosekondi 600 mpaka 700 basi, ndipo maikulosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi. Pa mayeso abwino munthu amatha kuzindikira kusiyana kwa mamaikulosekondi pafupifupi 10. Kugunda kumodzi kwa selo la ubongo kumatenga nthawi yaitali kuposa pamenepa kambirimbiri.

Apa ndinayenera kusankha. Mu 1948 Lloyd Jeffress anapereka ganizo lakuti timinyewa tochokera kumakutu awiri tili ndi utali wosiyanasiyana, moti selo lililonse lili ndi kuchedwa kwakekwake kumene limayankhako, ndipo maselo onse pamodzi amapanga mapu a malo. Ganizoli ndi lokongola, ndipo kulisonyeza ndi mawaya n'kosavuta. Catherine Carr ndi Masakazu Konishi anapezadi dongosolo lotere mwa kadzidzi. Koma kadzidzi ndi mbalame. Mwa nyama zoyamwitsa nkhani ndi ina. Mu 2002 gulu la Benedikt Grothe ndi David McAlpine linasonyeza mwa gerbil kuti ukatsekereza glycine ndi mankhwala otchedwa strychnine, nthawi imene selo la MSO limakonda imasuntha. Ndiye kuti kuletsa kuli ndi mbali pa kuyeza nthawiko. Akatswiri akutsutsanabe za kukula kwa mbali imeneyo, ndipo pali maganizo enanso a kumene kuchedwako kumachokera.

Sindiika mawaya a utali wosiyanasiyana aja. Zojambula zambiri zophunzitsira zimawaika, ndipo wophunzira amachoka akuganiza kuti mutu wake uli ngati wa kadzidzi. Ndaika ofiira awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndi abuluu awiri ofika pa thupi la selo, wochokera ku MNTB ndi wochokera ku gulu lina loletsa lotchedwa LNTB. Kapepala kake kakuti nkhaniyi sinathe.

Kapepala kena: MSO ndi yaikulu mwa munthu, mphaka ndi gerbil, amene amamva mawu otsika. Mwa mbewa ndi yaing'ono. Kamutu kake n'kakang'ono, kusiyana kwa nthawi n'kochepetsetsa, ndipo imadalira mawu okwera. Amene akuphunzira MSO pogwiritsa ntchito mapu a mbewa okha adzaiona ngati chinthu chachabechabe.

Patapita masiku

Lateral lemniscus yayenda mofulumira. Ndi mtolo wa timinyewa tokwera, wokhala ndi magulu a maselo m'kati mwake. Maselo a octopus aja amathera ku gulu lapansi la mbali yakutsidya. Gulu lapamwamba ndi la mawaya abuluu, a GABA, mankhwala ena oletsa, ndipo limalankhula ndi linzake la kutsidya kudzera pa mlatho wotchedwa commissure of Probst. MSO imatumiza kumtunda mbali yake yomweyo. LSO imatumiza wofiira kutsidya, ndipo mbali yake imatumizanso wabuluu.

Onsewa akukathera pa inferior colliculus, gulu la maselo la kumtunda kwa tsinde la ubongo. Ndinafunika msomali wautali kuposa ina yonse, chifukwa pafupifupi chilichonse chokwera chimaima pano: za ku cochlear nucleus zobwera mwachindunji, za ku olive, za ku lemniscus. Gawo lake lapakati lili ndi maselo oyalana m'magawomagawo motsatira ndandanda ya otsika ndi okwera, ndipo kachingwe kanga koyera kafika pamalo pake, kumtunda chakunja. Mbali zake zakunja zimalandiranso za thupi, ndipo zimatumiza ku superior colliculus, imene imatembenuza maso ndi mutu kuloza kumene kwamveka kanthu. Ma colliculus awiriwa alinso ndi mlatho wawo pakati.

Nditaima patali n'kuliyang'ana thabwa, ndinawerenga malo amene mawaya awoloka: trapezoid body ndi ma stria ena aja, Probst, mlatho wa colliculus, ndipo kumtunda kukubwera corpus callosum, mlatho waukulu wolumikiza cortex ya mbali ziwirizi. N'chifukwa chake munthu amene wavulala mbali imodzi ya ubongo, pamwamba pa cochlear nucleus, sagontha khutu limodzi. Chimene chimamuvuta ndi kuzindikira kumene mawu akuchokera, kapena kumva mnzake pakati pa phokoso. Mfundo imeneyi ophunzira amailoweza pamtima, koma pano akhoza kuitsimikiza okha potseka waya mmodzi ndi chala n'kufufuza njira ina yodutsa.

Chachiwiri chimene ndaona ndi kuchuluka kwa buluu. Ndinagula ofiira ambiri, abuluu ochepa, ndipo abuluuwo ndi amene ayamba kutha.

Lachiwiri

Kuchoka ku colliculus kupita ku thalamus, poima potsiriza uthenga usanafike ku cortex, ku gawo lake lotchedwa medial geniculate body. Ngakhale pano, pakati pa mawaya okwerawo pali abuluu, chifukwa ena mwa maselo a colliculus otumiza ku thalamus ndi a GABA.

Geniculate ndaigawa patatu. Gawo la ventral limasunga ndandanda ija mwaukhondo n'kuipereka ku cortex yoyamba ya kumva, makamaka pa mzere wachinayi wa maselo ake. Gawo la dorsal limapita kumadera ozungulira. Gawo la medial limamwaza uthenga kumadera ambiri, ndipo lili ndi waya wopita ku amygdala, gawo la ubongo lokhudzana ndi mantha, osadzera ku cortex. Joseph LeDoux ndi anzake anafufuza njira imeneyi mwa makoswe m'zaka za m'ma 1980, poona mmene nyama imaphunzirira kuopa mawu enaake.

Pa cortex ndatsatira za macaque monga anazikonzera Jon Kaas ndi Troy Hackett: pakati pali core, moizungulira belt, kunja kwake parabelt, uthenga ukuyenda kuchoka pakati kupita kunja. Mwa munthu core ili pa Heschl's gyrus, mobisika mkati mwa mng'alu wa pambali pa ubongo. Kuchokera m'madera ozungulirawo ndatulutsa mawaya awiri opita kutsogolo kwa ubongo. Wina amadzera kutsogolo ndi pansi, ndipo amagwirizanitsidwa ndi kuzindikira kuti chamvekacho n'chiyani. Wina amadzera kumbuyo ndi kumtunda, wa kumene chili. Josef Rauschecker ndi amene amadziwika kwambiri ndi ganizoli. Mawaya awiriwa ndawamanga molekerera dala, chifukwa njira ziwirizi zimalankhulana kwambiri, ndipo yakumtundayo imakhudzanso kulankhula.

Pano dongosolo la nyama zonse limatha mphamvu. Mbewa ili ndi madera ochepa, mphaka ali ndi ake a mayina ena, ndipo mileme ina ili ndi madera apadera oyezera nthawi imene kulira kwake kwatenga kuti kubwerere. Mapepala achuluka kumtunda kuno moti ndikuganiza zowachotsa n'kupanga timatabwa ting'onoting'ono tosinthanitsa, kamodzi ka nyama iliyonse.

Lachisanu

Mawaya obiriwira. Gawo ili ndi limene linandichititsa kuyamba ntchito yonseyi, chifukwa zojambula zambiri zimangosonyeza mivi yoloza kumwamba, ngati kuti khutu limalankhula ndipo ubongo umangomvetsera.

Kuchokera pa mzere wachisanu ndi chimodzi wa cortex, timinyewa timabwerera ku geniculate, ndipo ndi tochuluka kuposa tokwera tija. Panjira timasiya nthambi ku thalamic reticular nucleus, gulu la maselo oletsa limene limabweza waya wabuluu ku geniculate. Kuchokera pa mzere wachisanu, tina timatsika mpaka ku inferior colliculus, makamaka mbali zake zakunja, ndipo tochepa timafika ku olive ndi ku cochlear nucleus. Nobuo Suga anasonyeza mwa mileme kuti ukadzutsa kadera kena ka cortex, maselo a ku colliculus amasuntha mawu amene amawakonda kuti ayandikire a kaderako. Cortex imakonza yokha zimene idzalandire.

Wotsiriza ndi olivocochlear bundle, imene Grant Rasmussen anaifotokoza mu 1946. Imachoka ku superior olive kubwerera m'khutu mwenimwenimo. Bruce Warr ndi John Guinan anasonyeza mu 1979 kuti ili ndi magulu awiri. Gulu la lateral limathera pa timinyewa ta pansi pa maselo amkati, makamaka m'khutu la mbali yomweyo. Gulu la medial, limene timinyewa take tambiri timawoloka, limathera pa maselo akunja aja 12,000.

Maselo akunjawo amatalika ndi kufupika motsatira mawu, n'kukulitsa kunjenjemera kwa mkati mwa cochlea. Puloteni imene imachititsa zimenezi, prestin, inapezeka mu 2000 m'gulu la Peter Dallos. Kugwedezeka kwawo kumatulutsa timawu tochepa tobwerera kunja kwa khutu, timene David Kemp anatiyeza mu 1978, ndipo masiku ano timagwiritsidwa ntchito poyeza kumva kwa makanda. Waya wobiriwira akathira mankhwala otchedwa acetylcholine pa maselowa, kukulitsako kumachepa. Ubongo umatha kutsitsa mphamvu ya khutu lake lomwe. Zikuoneka kuti zimenezi zimathandiza kumva pakati pa phokoso ndiponso kuteteza khutu.

Waya ameneyu ndinamudutsitsa pansi pa mawaya onse a trapezoid body ndi kachitsulo kokowera, kenako ndinaona kuti pamenepo si pake. Timinyewa towolokati timadzera kumtunda, pansi pa mphako yachinayi ya ubongo, ndiye ndaboola thabwa kuti adutse kuseri n'kutulukira pafupi ndi khutu. Kuseri kwa thabwa tsopano kwakhala mbali ya phunziro, ndipo ndiyenera kulipangira miyendo kuti liziima palokha.

Zotsala

Ndikufuna kupachika nthawi m'mbali mwa thabwa, potengera mayeso a ABR, oyeza mafunde a magetsi amene mnyewa wa kumva ndi tsinde la ubongo zimatulutsa mawu akamveka, amene Don Jewett anawafotokoza kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Funde loyamba limachokera ku mnyewa wa kumva, ndipo lachisanu, lochokera cha kumene lateral lemniscus imalowera mu colliculus, limaoneka pasanathe mamilisekondi 6 mawu atamveka (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi) mwa munthu wamkulu wakumva bwino. Mafunde apakatiwo sindiwalumikiza ndi msomali umodziumodzi, popeza lililonse limachokera m'malo angapo.

Corpus callosum sinaikidwe. Mawaya obiriwira ochoka ku colliculus kutsikira ku olive nawonso sanaikidwe, ndipo popanda amenewa njira yochoka ku cortex kukafika ku maselo akunja a m'khutu ili ndi mpata pakati. Ndiyamba ndi amenewo ndikangopeza waya wina wobiriwira wopyapyala, chifukwa amene ndili naye ndi wonenepa moti sangadutse pakati pa misomali ya lemniscus.